Mabenchi a Ba Lemmy

Dzuwa linali litapendeka, ndipo banja la a Eugene linali pakhonde monga mwa masiku onse. Akazi awo, a Emelda, ankasankha tinsomba touma ta kapenta m'lichero, kuchotsa timiyala ndi tinkhono. Mwana wawo Tionge anali atagona chafufumimba pa saka, akulemba za kusukulu. A Eugene anali atangofika kuchokera ku Indasitiriyo, kumene ankanyamula matumba a feteleza, ndipo anali ataviika mapazi m'beseni la madzi ofunda. Unali mwezi wa Juni. Mphepo ya ku Kanyama inkabwera ndi fumbi loyera la miyala, n'kumalowa m'maso ndi m'kapenta momwe.

"Desiki yanga ili na poika mabuku pansi," anatero Tionge osadzutsa mutu.

"Unakamba dzulo," anayankha amake.

"Na dzana unakamba," anawonjezera atate ake. "Kaya tikugulire bulangeti uzigona komweko."

Tionge anaseka. Asanayankhe, kulira kwa mayi kunamveka kuseri kwa mzere wa nyumba, kenaka mawu ena n'kulandira. A Emelda anaimitsa dzanja m'lichero, n'kupendeketsa mutu.

"Uko ni kwa ba Norah," anatero motsitsa mawu.

A Eugene anatulutsa mapazi m'madzi, n'kuvala nsapato osapukuta. Amuna a a Norah, a Lemmy, anali m'chipatala ndi chifuwa chiyambire kutha kwa mvula. Panalibe chofunsa.

A Lemmy anali mmisiri wa matabwa wochokera ku Katete, bambo wamfupi woyankhula pang'onopang'ono. Iwo ndi a Eugene anadziwana pa sukulu ya pa Mwala isanakhale sukulu. Masiku amenewo ana ambiri a m'dera ankasowa malo ku sukulu za boma, ndiye makolo anagwirizana zoumba okha mabuloko Loweruka lililonse, n'kumanga zipinda pa thanthwe limene palibe ankafuna kuikapo nyumba. A Eugene ankapempha matabwa a mabokosi otayidwa kuntchito kwawo, a Lemmy n'kumakhoma mabenchi. Anali mabenchi ataliatali, olemera, a miyendo yotangadza, ndipo m'mphepete mwake ankapalamo bwinobwino kuti asang'ambe zovala za ana. Kiyi wa sukulu ankasunga a Eugene, amene anali wapampando wa komiti ya makolo. Kiyiyo ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko chawo.

Palibe msonkhano umene unakhazikitsa zoti mabenchi azipita ku maliro. Zinangoyamba tsiku lina, n'kukhala choncho. Maliro akagwa m'dera, abale akauzidwa, wotsatira kuuzidwa anali wosunga kiyi. Anyamata ankasenza mabenchi awiriawiri, kudutsa nawo m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo anthu akawaona ankadziwa kolowera. Ana a sukulu ankakhala pa masaka mpaka maliro ataikidwa. Ngakhale mpingo wa a Lemmy unkapempherera m'kalasi momwemo, motero unalibe mipando yakeyake. A Lemmy ankakonda kunena, akukhoma msomali, kuti iwo alibe ng'ombe, alibe galimoto, koma pa maliro awo palibe adzaimirire.

Pamene a Eugene ndi a Emelda ankafika, anyamata anali akutulutsa kale katundu m'nyumba kuti amayi apeze pokhala. Panja panali mipando iwiri ya sofa yong'ambika ndi mpando umodzi wa ndalema. Anthu anali atayamba kudzaza pabwalo. A Emelda anamanga chitenje n'kulowa. A Eugene anagwada pakhomo.

A Norah anali pansi, atatsamira khoma, amayi a mpingo atawazungulira. Atawaona a Eugene anasiya kulira pang'ono.

"Atate ake Tionge, anzanu aja apita."

"Tamva, amama. Pepani."

"Mukatenge mabenchi ake. Anthu akhale. Ankanena yekha."

"Ndibweretsa," anatero a Eugene.

Mawuwo anatuluka okha, monga ankatulukira zaka zonsezi. Atadzuka ndi pamene anakumbukira kuti pa msomali paja panalibenso kiyi.

Sukulu ya pa Mwala inali itatopa kale. Denga linkadontha, mvula ikagwa madzi ankafika m'akakolo m'makalasi, chimbudzi chinatitimira, ndipo aphunzitsi ongodzipereka ankachoka akapeza ntchito ina. Chaka cha kolera inatsekedwa miyezi yambiri. Ndiye pamene kunamveka kuti boma, mothandizana ndi bungwe lina, likhoza kuimanganso n'kuitenga kukhala yake, a Eugene anayenda nyumba ndi nyumba kuuza makolo kuti avomere. Pa msonkhano a Lemmy anakweza dzanja pomalizira. Anati, "Ine sindikukana. Ana aphunzire pabwino. Koma mudziwe kuti tikapereka, tidzayamba kugogoda." Anthu anaseka, nawonso anaseka.

Pomanga, makolo anapemphedwa kuthandiza ndi mchenga, miyala ndi manja awo. Tsiku lina amisiri anaperewera matabwa otchingira konkire pamwamba pa mawindo, ndipo wina anatchula mabenchi. A Eugene anavomera kuti atengepo ena, poti madesiki atsopano anali m'njira. Palibe anafunsa ngati madesikiwo adzatuluke pa geti. Kwa iwo mipando ya sukulu inali ya ana ndi ya maliro, ndipo funso lotero silikanabwera m'mutu mwa munthu. Maliro amene anagwa m'miyezi yomangayo anthu ankakhala pa mabuloko, akumauzana kuti n'zakanthawi. Sukulu itatha kumangidwa, kiyi anapita m'manja mwa boma.

Atachoka kwa a Norah, a Eugene anabwereka wilibala kwa mnyamata wogulitsa makala, n'kuuza amuna ena kuti akaona kuti katundu ndi wambiri adzawaitana. Njira ya ku sukulu inali yomweyo, ya miyala yosongoka, koma kumapeto kwake tsopano kunali mpanda wautali wa mabuloko ndi geti lachitsulo lobiriwira. Anaima. Anayang'ana poti n'kukankha, kenaka anagogoda ndi kamwala.

Kazenera ka pa geti kanatseguka. Anali a Nkole, mnansi wawo, amene kale ankasenza nawo mabenchi, koma tsopano anali mlonda wa sukulu, wa yunifomu ndi chipewa.

"Ba cheyamani," anatero a Nkole akumwetulira. "Wilibala ni ya chani? Mwabwera kunyamula sukulu yanu?"

"Ba Lemmy batisiya."

A Nkole anavula chipewa. Kenaka anatsegula geti lonse, ngakhale wilibala ikanakwana pa kakhomo kakang'ono.

"Mwabwerera mipando," anatero.

"Ee."

"Ba hedi bakalipo. Kambani nabo. Ine mphamvu yanga ithera pa loko."

Aphunzitsi aakulu, a Chisenga, anali akutseka mawindo a ofesi, chikwama chili kale paphewa. Anali mayi wa msinkhu wapakati amene ankabwera ndi minibasi kuchokera ku Matero, ndipo anali atangoyamba kumene pamodzi ndi sukulu yatsopanoyo. Anawalandira bwino a Eugene, n'kuwapatsa mpando. A Eugene anafotokoza za malirowo, chipewa chili m'manja.

"Pepani maningi," anatero a Chisenga. "Ba Lemmy banali kholo la mwana wa pano?"

A Eugene anaweramira kutsogolo pa mpando.

"Banali kalipentala," anatero. "Ndiwo banapanga mabenchi a pano, kale."

Ndiye anafotokoza mmene zinkakhalira, za kiyi, za anyamata osenza, za ana okhala pa masaka. A Chisenga anamvetsera mpaka kumapeto, osawadula. Kenaka anaika chikwama pa tebulo.

"Tiyeni muone," anatero.

Anawatsegulira kalasi ya giredi sikisi. Munkanunkha penti. Pansi panali posalala, mawindo a magalasi, bolodi lakuda bii losang'ambika paliponse. Madesiki anali m'mizere yowongoka, achitsulo, pokhala ndi polembera zili zolumikizana, lililonse la ana awiri.

"Yesani kukhala," anatero a Chisenga.

A Eugene anayesa. Bondo limodzi linalowa, linalo linakana. Anakhala chammbali, mimba itapanikizika, ngati munthu wokwera minibasi yodzaza. A Nkole, amene anali pakhomo, anayang'ana kumbali.

"Mwaona, ba tate. Olo nikupatseni, bakulu sibangakwane. Koma siningakunamizeni kuti ndiye chifukwa. Vinthu ivi si vanga, ni va boma. Imodzi ikatuluka pa geti, nifunika kukayankha ku ofesi. Na mailo, kukacha, kuli sukulu. Bana bazakhala pati?"

"Kale banali kukhala pa masaka."

"Mufuna bakhale pa masaka mailo?"

Anafunsa mofatsa, osati mokalipa. A Eugene anayang'ana pansi pa desiki limene anapanikizikamo, n'kuona kashelefu koika mabuku kamene Tionge ankanena tsiku ndi tsiku. Anakumbukira mwanayo ali wamng'ono, akubwera kunyumba diresi ili mbuu kumbuyo, akutsokomola, chifukwa sabata imeneyo kunagwa maliro motsatizana. Iwo ndi amene anayenda nyumba ndi nyumba kuti zimenezo zithe.

"Iyayi," anatero. "Sinifuna."

Anadzisolola m'desikimo pang'onopang'ono, n'kulibwezera pamzere.

"Nanga mabenchi akale amene anatsala? Ali ku sitolo yosungira katundu?"

A Chisenga anayang'ana a Nkole. A Nkole anapukusa chipewa m'manja.

"Ba tate bake Tionge, imwe munali ku nchito masiku aja. Sanatsale. Mawindo yanali yambiri. Bamisiri banatenga yoyamba, yachiwiri, mpaka yonse. Mapulanga yakagwira nchito, bamayi bophikira bamisiri banali kusonkhera moto."

"Yonse?"

"Yonse. Na kudula banadula beka ba Lemmy. Banapeza banyamata bathyola na hamala, banati, ngati ni kudula lekani nidule ine, imwe muononga. Banabwera na sowo yawo kuseni, dzuwa likutuluka. Banapima, banadula, banapala na m'mbali monga ni vinthu vogulitsa. Ine ninati, mudala, vopalira ni vichani, viyenda ku simenti ivi. Banati dzanja linazolowera."

A Eugene anatsamira chitseko. A Lemmy ankakhala nawo pakhonde pafupifupi Lamulungu lililonse m'miyezi imeneyo, akumwa tiyi, akufunsa za mitengo ya feteleza kumudzi. Sanatchulepo za sowo.

"Kuli kamodzi," anatero a Nkole. "Kaja nikhalapo ine."

M'kanyumba ka mlonda munali kabenchi kafupi, kotalika ngati mkono ndi theka. Kanali mutu wa benchi lalitali, miyendo iwiri yakale mbali imodzi, mbali inayo miyendo yatsopano ya thabwa loyera. Pamwamba panali madontho a simenti youma, ndi zilembo zimene ana anakanda ndi misomali zaka zapitazo.

"Banapangira ine," anatero a Nkole. "Banati mulonda sakhala pa buloko, azadwala msana."

A Eugene anatembenukira kwa a Chisenga, amene anali atawatsatira.

"Ako si ka boma," anatero a Chisenga. "Tengani. Mailo pa asembule nizauza bana za ba Lemmy. Tikakomboka, sukulu ikatha, nizabwera ku nyumba ya maliro, ba Nkole bazanilangiza njira."

"Zikomo, amama."

Anakaika pa wilibala. Kanali kopepuka koti akanatha kukanyamula m'khwapa, koma wilibala anali atabwera nayo kale. A Nkole anawatsegulira geti, n'kulitseka pambuyo pawo. A Eugene anamva loko akulira.

Pamene ankafika ku nyumba ya maliro, dzuwa linali likulowa ndipo amuna anali atasonkha chitsa pabwalo. Anthu atamva kulira kwa wilibala anapatuka, kusiya njira yaikulu, monga ankachitira kale. Maso awo sanali pa a Eugene. Ankayang'ana kumbuyo kwawo, kumene kunkayenera kutulukira anyamata osenza. Mkulu wina wa mpingo, amene anali ataimirira ndi ndodo, anafunsa.

"Ena ali m'mbuyo?"

"Kulibe ena, atate."

Palibe anafunsa chifukwa. Njira ija inatsekeka pang'onopang'ono. Patapita kanthawi, mwini nyumba yosamaliza ya pafupi anauza anyamata kuti akatute mabuloko ake, koma asamale asaswe. Amuna anayamba kukhala, ena atayala makatoni, ena zipewa, poti buloko la mu Juni limazizira mpaka m'mafupa. Ambiri anangoimirira m'mbali mwa khoma, manja m'matumba.

A Eugene anaima ndi kabenchi kaja m'manja. Akanatha kukapereka kwa mkulu wa ndodo uja, nkhani n'kuthera pomwepo, a Norah n'kudzamva tsiku lina kwa anthu ena. Koma amene anawatuma anali a Norah. Anapita pakhomo n'kugwada, kabenchi kali patsogolo. Amayi anali pakati pa nyimbo. A Emelda anawaona, anaona ndi kabenchiko, n'kugwira a Norah paphewa.

"Mwabweretsa?" anafunsa a Norah.

"Ndabweretsa aka, amama. Ndi kokhaka katsala."

"Enawo akaniza?"

"Sanakanize. Kulibe. Anadulidwa pomanga, kuti atchingire konkire. Tinavomera ndife a komiti. Timati atsopano azidzabwera kuno monga kale, koma atsopanowo satuluka."

Nyimbo inali itazilala. A Norah anatambasula dzanja, ndipo amayi anapatsirana kabenchiko mpaka kanafika pamiyendo pawo. Anakasisita pamwamba, n'kukanda simenti ndi chikhadabo. Kenaka chala chawo chinapita kumapeto kumene sowo anadutsa. Chinayenda m'mphepetemo, kubwerera, kuyendanso. Munali mosalala, mopanda kachisonga kobaya ngakhale kamodzi.

"Anadula yekha uyu," anatero.

"Ee, amama. Ndamva lero."

"Pali masiku ankachoka ndi sowo m'mawa, akuti kuli ntchito ku Chibolya. Akabwera sankadya. Ine ndimati ndi chifuwa chija chayamba." Chala chinabwereranso m'mphepete muja. "Sanandiuze. Ndipo anapitiriza kunena zija, zoti palibe adzaimirire. Ngakhale kuchipatala ananena, manesi akuseka."

Panja wina anatsokomola, chitsa chinathetheka.

"Anthu aimirira panjapo?" anafunsa a Norah.

"Ena akhala pa mabuloko. Ena aimirira."

A Norah anagwedeza mutu. A Emelda anafunsa monong'ona ngati akatulutse panja kuti akulu a mpingo akhalepo.

"Akhalapo angati?" anatero a Norah. "Kasiyeni muno."

Anakaika pambali pawo, pakati pa iwo ndi khoma, n'kutsamirapo chigongono. Mayi wina anayambitsanso nyimbo, ena n'kulandira. A Eugene anabwerera chambuyo, n'kukapeza buloko lawo pafupi ndi moto.

M'mawa mwake anapita kunyumba kukasamba kumaso ndi kutumiza uthenga kuntchito kuti sabwera. A Emelda anali atatsala ku maliro, akuphika ndi amayi anzawo. Anapeza Tionge ali pakhonde, atavala yunifomu, nsapato zili m'manja, osavala.

"Atate, lero tiyenda ku sukulu?"

"Chifukwa?"

"Kale kukakhala maliro ya banthu bamene banamanga sukulu sitinali kuphunzira. Tinali kutapa manzi ya pa maliro ku mpopi."

A Eugene anakhala pa sitepe. M'maso munkawawa utsi. Chapatali, kuseri kwa madenga, belu la sukulu linalira koyamba, belu lenileni lachitsulo, osati chigwinjiri cha tayala la galimoto chimene ankamenya ndi mwala kale.

"Manzi tizatapa ise," anatero. "Vala nsapato."

Tionge anavala. Chingwe chimodzi chinali chitaduka, ndipo atate ake anachilumikiza ndi mfundo, n'kumanga okha. Anamukonza kolala, n'kumupatsa mbatata yophika ya dzulo kuti adye m'njira.

"Ukadutsa pa ba Norah usathamange. Uyende bwino, upatse moni bakulu."

"Ee."

"Ba hedi bazakamba za ba Lemmy pa asembule. Umvetsere. Bakalakwitsa dzina la kumudzi kwawo, ni ku Katete."

Tionge anakoleka chikwama n'kutsika m'kanjira. A Eugene anamuyang'ana akudutsa pa nyumba ya maliro, akupinda mawondo kwa amuna okhala pa mabuloko, kenaka n'kukhota pa ngodya. Atangokhota anamva mapazi ake akuthamanga, poti belu linali litaliranso. Analowa m'nyumba, anatenga zigubu ziwiri zachikasu kuseri kwa chitseko, pansi pa msomali uja, n'kupita kukaima pamzere wa pa mpopi.